Chifukwa chake abwana anu akukana kuti mukwirire ngalande ija

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mwini famu yomwe mukugwirako ntchito ku Suffolk, m'dziko la England, sakulola kuti mukwirire ngalande yamadzi yozungulira kamunda kaudzu, chikhalirecho palibepo nyumba. Si nkhanza ayi, akuopa lamulo.

Malo otere alipo pafupifupi 6,000 ku England, ndipo ambiri anakumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350. Pakachilumba kapakatipo pankakhala nyumba ya mwini malo, nkhokwe ndi makola. Ngalandezo kwenikweni sizinali zankhondo. Zinali zoti wodutsa aone kuti pano pakukhala munthu wa ndalama zake, komanso ankawetamo nsomba. Ena ankamangapo katchalitchi ka banja, koma kuti azichitiramo Misa ankayenera kupempha chilolezo kwa bishopu. Maliro ndi ubatizo nthawi zambiri zinkachitikirabe kutchalitchi cha parishi, poti wansembe wakumeneko sakanalola kuti zopereka zimudutse.

Tsono chimene boma likuteteza si udzuwo, koma zapansi pake, makamaka matope a m'ngalandemo. M'matope onyowa simulowa mpweya, ndiye zinthu zimene zikanaola kalekale zimakhalabe: nsapato zachikopa, mbale zamtengo, mizati ya mlatho wolowera pakhomo, ngakhale njere za mbewu zimene ankadya. Mukalowetsapo chigalimoto chokumba, zaka 700 zimathera pamulu wa dothi masana amodzi.

Malowo akakhala kuti analembedwa m'kaundula pansi pa lamulo la 1979 loteteza malo akale, kukumba, kukwirira kapena kumangapo popanda chilolezo chodzera ku Historic England, bungwe la boma loyang'anira malo akale, ndi mlandu. Ngakhale kuyendapo ndi kamakina kofufuzira zitsulo pansi kumafuna chilolezo, ndiye anyamata anu aja asayerekeze. Si onse 6,000 amene ali m'kaundulamo, koma mutha kuona nokha pa intaneti, pa mndandanda wa malo otetezedwa wotchedwa National Heritage List for England.

Mukapeza tsiku lopuma, pitani ku Ightham Mote ku Kent, pafupi ndi Sevenoaks, mukaone mmene malo anuwo ankaonekera. Nyumbayo ndi ya m'zaka za m'ma 1300, makoma ake amachita kutuluka m'madzi, ndipo bungwe losamalira malo akale la National Trust linailandira mu 1985. Kudenga la katchalitchi kake kuli zojambula za nthawi ya mfumu Henry VIII, kuphatikizapo chipatso cha chimanga chachizungu (pomegranate) chomwe chinali chizindikiro cha mkazi wake Catherine of Aragon. Pabwalo lamkati pali kanyumba ka galu, ndipo nakonso, musaseke, n'kotetezedwa ndi lamulo pamlingo wapamwamba kwambiri.