Azakhali, chonde musamutsekere m'chipinda

Azakhali, mwadzuka bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinagwira ya usiku kuwodi, ndiye uthenga wanu ndaumvera m'mawa uno ndili mu minibasi. Kulemba sindikwanitsa, bola ndingoyankhula, ndipo ndaika pagulu pano dala kuti amalume nawonso amve. Mwafunsa ngati mungamutsekere msuweni wangayu m'chipinda sabata imodzi kuti mowa umuchoke m'thupi, kapena mupite naye ku Zomba akamubaye jakisoni woti asadzaufunenso. Amalume anatchulanso za mankhwala omuthirira mu ndiwo iye asakudziwa.

Ndiyambe ndi zomutsekerazo, chifukwa ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri. Chonde azakhali, musatero. Mwanena nokha kuti m'mawa akagwira kapu ya tiyi, dzanja limanjenjemera mpaka tiyi kutayikira pa thalauza, koma akangomwa kabotolo kamodzi ka kachasu dzanja lija limakhazikika. Chimenecho ndi chizindikiro choti thupi lake lafika podalira mowa. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi, pakangotha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera thupi lonse, thukuta kamukamu, mtima kuthamanga, kusanza, tulo osabwera. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena mutu umasokonekera, ife timati delirium tremens, ndipo imeneyi imapha.

Ndinasamalirapo bambo wina amene abale ake anamutsekera choncho, ndi mtima wabwino ndithu. Anafika naye akusasa malaya kuti linthumbwi likumuyenda m'thupi, akuloza pakhoma kuti pali njoka, mkazi wake yemwe osamuzindikira. Abale ankati wina wamulodza. Ayi, unali mowa umene unadulidwa mwadzidzidzi. Kuchipatala timapereka diazepam, mankhwala oletsa kunjenjemera ndi kugwa kuja, mulingo wake n'kumautsitsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, timaperekanso thiamine, ndiye vitamini B1, woteteza bongo, ndi madzi a diripi ngati thupi lauma. Bambo uja anatuluka akuyenda yekha. Akanagona usiku wina m'chipinda muja, mwina tikanamva zina.

Za jakisoni uja, azakhali, kulibe. Ndikudziwa anthu amakamba, koma jakisoni wobaya kamodzi munthu n'kuiwaliratu mowa kulibe. Za diazepam ndi thiamine ndafotokoza zija, zotchedwa detox, zimatenga pafupifupi sabata, ndipo ntchito yake ndi kumudutsitsa pa ngozi basi. Chibaba chimatsala. Akadutsa pamalo pomwe amamwera, akalandira ndalama, akakangana ndi mkazi wake, chimadzuka. Chimenecho chimafuna uphungu wa miyezi, kukhala pansi ndi anthu ophunzira ntchitoyi, kukumana ndi anzake amene akulimbana ndi vuto lomwelo, mpaka aphunzire kudutsa tsiku loipa osathamangira botolo.

Amalume, ndi ulemu wonse, zomuthirira mankhwala mobisa tisayerekeze. Alipodi mapiritsi otchedwa disulfiram, amene munthu akamwa mowa atawamwa amadwala kwambiri, nkhope kufiira, kusanza, mtima kugunda mwamphamvu. Koma amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu amene wavomera yekha ndipo akudziwa zomwe zingamuchitikire. Ukamupatsa mobisa iye n'kukapapira kachasu monga mwa masiku onse, ukhoza kumupha. Nanga za m'mabotolo zogulitsa pamsikazi, zosadziwika kuti muli chiyani, chiwindi chake chatopa kale, chikalandira zimenezo chitani? Ndipo tsiku limene adzatulukire kuti mayi ake amamuthirira zinthu mu nsima, sadzadyanso pakhomo, sadzatiuzanso kanthu.

Tsono apite kuti? Mwanena kuti iye akangomva za Zomba amakalipa kuti si wamisala. Musalimbane naye pa dzinalo. Chipatala cha Zomba Mental chimathandizadi anthu a vuto la mowa ndi chamba, koma sikuti aliyense ayambire kumeneko. Kuchipatala chachikulu cha boma lanu mukafunse anesi oona za matenda a m'maganizo, amupime, aone ngati akufunika kugonekedwa. Ku Blantyre kuli Room 6 ku chipatala cha Queens, komwe amaona za matenda a m'maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi pulogalamu ya anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, mukhoza kuimba kaye n'kufunsa za malo ndi zolipira.

Ndipo mukapita mukanene zonse, musakabise zoti amasutanso chamba chifukwa cha manyazi. Anyamata amati chamba ndi masamba chabe, sichikola, boma linaloleza. Lamulo la 2020 lija linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, osati kusuta. Ndipo chimakola. Wosuta tsiku ndi tsiku akasiya amasowa tulo, sachedwa kupsa mtima, chakudya sichilowa, kwa sabata imodzi kapena awiri. Kwa ena, makamaka oyamba ali aang'ono, chimadzutsa matenda omva mawu a anthu osaoneka.

Mapemphero pitirizani, azakhali, inenso ndikupemphera. Abusa abwere, amayi a chigwirizano abwere. Chimene ndikukana ndi choti akamugoneke kuphiri akusala kudya pamene thupi likunjenjemera, kapena kumumanga zingwe.

Pali china chimene ndikufuna muchimve lero kuti chisadzakusweni mtima. Akhoza kuchira bwinobwino, n'kunenepa, miyezi itatu osalawa, kenako tsiku lina pa maliro kapena pa chinkhoswe n'kubwera akudzandira. Tsiku limenelo pasadzapezeke wonena kuti tinangotaya ndalama, ameneyu ndi wokanika. Ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo asanaime. Inu muli ndi BP. Ikakwera sitinena kuti chipatala chalephera, timabwerera kwa adokotala akaonenso mankhwala. Nayenso tidzabwerera naye mawa lake lomwelo, osadikira kuti amirenso.

Ntchito yaikulu ndi yathu akabwerako. Ngongole zake za kumowa tisamangomulipirira mwakachetechete. Ndalama ya m'manja tichepetse, tizigula chinthucho m'malo momupatsa makwacha. Apeze chochita, kaya ndi kudimba kuja, chifukwa munthu wongokhala pakhonde tsiku lonse anzake akale samusowa. Ndipo mwanena kuti tsiku lina anati bola kungofa. Mawu amenewo musawatenge ngati zoyankhula za mowa. Tameki ndi mankhwala onse a mbewu muwachotse m'nyumba lero lomwe, zingwe nazonso, ndipo mukawauze anesi mawu amenewo momwe anawanenera.

Loweruka ndikupuma, ndibwera ndi basi yoyamba. Tiyankhule naye m'mawa mutu ukadali bwino, inu, ine ndi mkazi wake basi, osamuitanira mudzi wonse ngati mlandu. Tisamuopseze, tingomuuza zimene tikuona ndi kuti tikufuna timuperekeze Lolemba. Koma akagwa, akayamba kuona zinthu kapena kusanza magazi Loweruka lisanafike, musandidikire, pezani galimoto muthamangire naye kuchipatala, ine mundiimbire muli m'njira.