Mlongo wanu wa bipolar asamwe mankhwala a kukhumudwa paokha

Mayi, mwafunsa za mankhwala a mlongo wanu wa bipolar amene ali mu kukhumudwa. Chonde musamugulire mlongo wanuyo mankhwala a kukhumudwa monga amitriptyline kapena fluoxetine ku famase. Kwa munthu wa bipolar (matenda a maganizo amene munthu amasinthasintha pakati pa kukhumudwa kwambiri ndi kusangalala mopitirira muyeso), mankhwala amenewa akamwedwa paokha akhoza kumuchotsa mu kukhumudwako n'kumuponya mbali inayo: kusagona, kulongolola usiku wonse, kumwaza ndalama, kupsa mtima msanga. Mwamuna wanga zinamuchitikira zimenezi. Tinkati wachira, chonsecho matenda anali atangotembenuka.

Madokotala amayamba ndi mankhwala okhazikitsa maganizo monga lithium, quetiapine kapena lamotrigine, ndipo fluoxetine akamupereka amaphatikiza ndi ena monga olanzapine. Lithium amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti aone impso ndi chithokomiro, ndipo samwera limodzi ndi brufen kapena diclofenac. Sodium valproate, amenenso ndi mankhwala okhazikitsa maganizo, akhoza kuwononga mwana wosabadwa, n'chifukwa chake amapewa kumupereka kwa mayi amene angatenge pakati.

Mukapita naye kuchipatala, mufotokoze za masiku amene ankasangalala mopitirira muyeso aja. Wodwala amangonena za chisoni basi, zinazo amaziona ngati anali bwino, ndiye dokotala sangadziwe. Apa m'pamene mawu anu ali ofunika kwambiri. Kunyumba, nthawi yogona ndi yodzuka isamasinthesinthe, mowa ndi chamba asiyiretu, ndipo mankhwala asaleke ngakhale atapepukidwa.

Yambirani kwa namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma. Kuliponso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Akayamba kukamba zodzipha kapena kukana kudya ndi kumwa, musamusiye yekha, mupite naye tsiku lomwelo.