Zilonda pa nsomba za m'damu: ndithire mankhwala anji?

FUNSO: Ndili ndi madamu awiri a makumba ndi milamba ku Chingale, m'boma la Zomba. Chiyambireni kuzizira mu Juni, nsomba zina zatuluka zilonda zofiira m'nthiti, zasiya kudya madeya ndipo zikungoyandama mofooka. Anzanga a m'kalabu akuti ndithiremo mankhwala a nkhuku. Kodi nditero? (Bambo wa ku Chingale)

YANKHO: Bambo, mankhwala a nkhukuwo musathire ayi, chifukwa mungotaya ndalama ndi kuipitsa madzi. Zizindikiro mwatchulazi zikufanana ndi za matenda a zilonda otchedwa EUS, amene anapezeka koyamba m'Malawi muno m'chaka cha 2020 ku Mchinji. Amayamba ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans, chimene chimalowera pamene khungu la nsomba lasupuka n'kumadya mnofu mpaka chilonda kukumbika, ndipo chimakula mphamvu m'nyengo yozizira. Komabe pali tizilombo tina toyambitsa zilonda, choncho dziwitsani mlangizi wa zansomba msanga, kapena pitani kwa akatswiri a ulimi wa nsomba ku Domasi kuti akatsimikize.

Matendawa akalowa m'damu alibe mankhwala ochiza, ndiye ntchito yanu ndi kuwatsekera njira. Apa ndikuopa kwambiri ukonde wa kalabu, umene umachoka m'damu la uyu m'mawa n'kulowa m'damu la uyo masana ukadali chinyowere, mamba ndi matope zili pomwepo. Ukonde wotere utsukidwe ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka uume gwa, ndowa ndi mabeseni chimodzimodzi. Tsekani ngalande yotulutsa madzi kuti asatsikire m'damu lachiwiri kapena mumtsinje, ndipo polowera madzi muikepo sefa, pakuti matemba ndi milamba ya mumtsinje imatha kubweretsa matendawa. Nsomba zakufa muzivuule tsiku lililonse ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya, kutali ndi madzi. Kuponyera agalu n'kufalitsa vuto. Mbewu ya nsomba musagulitse kapena kugawira aliyense pakadali pano.

Chepetsaninso madeya ndi manyowa, popeza nsomba sizidya kwambiri kukazizira ndipo zotsala zimaolera pansi. Mukaviika mkono m'madzi mpaka m'chigongono koma chikhatho osaoneka, manyowa akwana, musaonjezerenso.

EUS sigwira anthu, koma nsomba ya zilonda zakuya isadyedwe kapena kupita kumsika. Mukadzakolola, phwetsani damulo, liume mpaka pansi pang'ambike, kenako muwaze laimu pa mlingo umene mlangizi angakuuzeni musanathiremo madzi ndi mbewu yatsopano.