Musanagule rauta ina, yezani kaye pomwe mapaketi akutayikira

Achimwene a ku Msasa, funso lanu ndaliwerenga. Mwati kuofesi kwanu kuli makompyuta pafupifupi 40, makamera a CCTV, laini ya fibre ndi ina ya LTE (intaneti ya netiweki ya mafoni) yodalira fibre ikaduka, ndipo intaneti imayamba kukwawa ikangokwana 2 koloko masana. Mwafunsa kampani yabwino ya intaneti, rauta yoti mugule, ndi pulogalamu yoonera zomwe zikuchitika pa netiweki. Za makampanizo ndisiyira ena. Ine ndiyankha chachitatucho, chifukwa ndi chomwe chidzakuuzeni ngati pakufunikadi kusintha kampani kapena rauta.

Anzathu omwe ayankha kuti "ingoikani Starlink", ndi enawo akuti muzizimitsa rauta n'kuyatsanso m'mawa uliwonse, akulemba mankhwala wodwala asanamuone. Ngati vuto lili pa kebulo ya m'denga mwanu kapena pa kompyuta imodzi yomwe ikudzaza laini, mudzalipira kampani yatsopano ndipo 2 koloko idzakupezanibe chimodzimodzi.

Chilichonse chodutsa pa netiweki chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Laini ikadzaza, mapaketiwo amaima pamzere mkati mwa rauta kudikira mpata. Mzere ukatalika, zinthu zimachedwa. Malo oimapo akatha, rauta imangotaya omwe abwera pambuyo. Choncho zoti muyeze ndi kuchedwa kwa mapaketi, kuchuluka kwa omwe akutayika, ndi kudzaza kwa laini iliyonse. Muziyeze usana ndi usiku kwa sabata yathunthu. Speedtest ya kamodzi pafoni imangokuuzani za mphindi imeneyo basi.

Yambani ndi makina oyezerawo, chifukwa kuno ku Harare ntchito imeneyi imafera pa magetsi. Nthawi zambiri munthu amaika pulogalamu yabwino pa desktop yomwe ili pa soketi wamba. ZESA, kampani ya magetsi, ikathimitsa, desktop imazima, jenereta ikalira desktop ija siidzuka yokha, ndipo database imawonongeka chifukwa inazimira pakati pa kulemba. Tsiku lomwe bwana akufuna umboni, graph imakhala ndi dzenje pa maola omwewo omwe vuto linachitika. Ndiye ine ndimalimbikitsa laputopu yakale, popeza ili ndi batire yakeyake. Ya Core i5 yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi SSD imapezeka cha m'ma madola 120 mpaka 180 kwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito m'tauni. Muone kuti batire ikukhala ola limodzi kapena awiri musanapereke ndalama. Ikanipo Ubuntu Server, ilumikizeni ndi kebulo (osati Wi-Fi), ipatseni IP yosasintha, kenako mu fayilo ya /etc/systemd/logind.conf lembani HandleLidSwitch=ignore kuti isagone mukaitseka. Mukakakamira desktop, lowani mu BIOS musinthe "Restore on AC Power Loss" ikhale "Power On", ndipo muigulire UPS (kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi akazima) ya 650 VA, cha m'ma madola 50 mpaka 70. Raspberry Pi yokhala ndi SD card isiyeni. Mapulogalamuwa amalemba mosalekeza, ndipo kadiyo siichedwa kufa magetsi akamangoduka.

Rauta, kabokosi ka fibre ndi swichi yaikulu nazo zikhale pa inveta kapena UPS. Zikapanda kutero, mudzaimba mlandu kampani ya intaneti pomwe chomwe chinazima ndi swichi yanu yomwe.

Pulogalamu yoyamba kuika ndi SmokePing, yaulere, yolembedwa ndi Tobias Oetiker, yemweyo analemba MRTG ndi RRDtool. Ntchito yake ndi yochepa koma ndimaikonda kuposa zonse: imatumiza ping (timapaketi tofunsa yankho) 20 mphindi 5 zilizonse kumalo omwe mwaiuza, n'kujambula kuchedwa ndi kutayika kwa mapaketi. Muiuze malo atatu. Oyamba ndi rauta yanu. Achiwiri ndi rauta yoyamba ya kampani ya intaneti, yomwe mungaipeze ndi traceroute, pulogalamu yoonetsa marauta onse omwe mapaketi akudutsamo. Achitatu ndi akutali, monga 1.1.1.1 ndi 8.8.8.8. Kuwerenga kwake n'kosavuta. Mapaketi akamatayika popita pa rauta yanu yomwe, vuto lili m'nyumba, kampani ilibe mlandu. Pa kebulo yabwino yankho la rauta yanu limabwera mu milisekondi imodzi kapena iwiri, ndipo sipayenera kutayika ngakhale paketi imodzi. Rauta yanu ikakhala bwino koma ya kampani ikumachedwa, ndiye kuti mwina laini yadzaza ndi zinthu zanu zomwe, kapena ili ndi vuto. Ziwirizo zikakhala bwino koma akutaliwo akuvuta, pamenepo ndi pomwe mumaimbira kampani foni, graph ili m'manja. Kutayika kwa mapaketi awiri okha pa 100 aliwonse n'kokwanira kudula mawu pa Zoom ndi pa WhatsApp, ngakhale masamba a intaneti akutseguka bwinobwino.

Chenjezo pa traceroute ndi inzake yofanana nayo ya mtr. Mukaona rauta imodzi yapakati ikuonetsa kutaya mapaketi 40 pa 100 koma marauta onse obwera pambuyo pake ali bwino, musathamangire kudandaula. Marauta akuluakulu amaika kuyankha ping kumapeto kwa ntchito zawo, pomwe mapaketi odutsa akuwadutsitsa bwino. Kutayika kwenikweni kumayambira pamalo amodzi n'kupitirira mpaka kumapeto kwa njira.

Yachiwiri ndi LibreNMS, nayonso yaulere. Iyi imafunsa rauta ndi maswichi kudzera mu SNMP, njira yakale ya 1988 yomwe pafupifupi chipangizo chilichonse cha netiweki chimaimva, pa UDP port 161. Imakuonetsani kuchuluka kwa zomwe zikudutsa pa port iliyonse, zolakwika pa kebulo, kutentha kwa chipangizo, ndi nthawi yomwe chakhala chiyakire. Zabbix ndi yamphamvu koma idzakudyerani masabata kuikonza, ndipo pa makompyuta 40 palibe chifukwa. Ngati Linux simukuizolowera, PRTG imayenda pa Windows ndipo ndi yaulere mpaka masensa 100, koma dziwani kuti port iliyonse imawerengedwa ngati sensa imodzi. Swichi ziwiri za ma port 24, makamera ndi ma ping ochepa, 100 ija yatha.

Apa pali misampha itatu yomwe imagwetsa anthu ambiri, ndipo woyamba ndi wa ndalama. SNMP imafuna swichi ya mtundu wa managed, yomwe mungalowemo n'kuisintha kagwiridwe ka ntchito. Timaswichi ta madola 15 tomwe timapezeka pansi pa madesiki sitiyankha chilichonse, ndipo ndi momwe mavuto ambiri amabisala. Simukuyenera kusintha zonse. Sinthani yaikulu yokha, yomwe makebulo onse amakumanapo. Ya ma port 24 ya gigabit ili cha m'ma madola 150 mpaka 250 kutengera kampani ndiponso ngati ili ndi PoE (kupereka magetsi kudzera pa kebulo ya netiweki). Musanagule funsani zinthu zitatu: SNMP, port mirroring (kukopera zodutsa pa port ina kupita pa inzake) ndi RSTP (yoteteza mapaketi kuzungulirazungulira mu swichi). Ena amagulitsa zolembedwa "smart" zomwe zilibe SNMP n'komwe, ndiye muwerenge pepala la chipangizocho, mawu a wogulitsa okha asakukwanireni.

Wachiwiri ndi SNMP version 1. Imeneyi imawerenga ndi kauntala ya ma bit 32, yomwe imadzaza pa ma gigabyte 4.29 n'kuyambiranso pa ziro. Pa laini ya 100 Mbps yodzaza, izi zimachitika pasanathe mphindi 6. Pa gigabit, masekondi 34 okha. LibreNMS imafunsa mphindi 5 zilizonse, ndiye ngati kauntala yazungulira kangapo pakatipo, graph idzakuonetsani laini yopanda anthu pomwe yadzaza thothotho. Gwiritsani ntchito v2c kapena v3, zomwe zili ndi kauntala ya ma bit 64. Kumbukiraninso kuti graph ya mphindi 5 imasalaza zinthu. Laini ikhoza kudzaza masekondi 20, Zoom n'kuduka, koma graph n'kumaonetsa theka. N'chifukwa chake SmokePing ndi LibreNMS zimawerengedwa limodzi.

Wachitatu ndi chitetezo, ndipo apa musachite mphwayi. Zipangizo zambiri zimabwera ndi community ya SNMP (mawu ogwira ntchito ngati pasiwedi) yolembedwa "public". Isintheni, ikhale yowerenga kokha, ndipo muiuze iziyankha IP ya laputopu ija yokha. Pa v1 ndi v2c mawu amenewa amayenda osabisika, ndiye pomwe v3 ilipo sankhani imeneyo. Port 161 isaonekere ku intaneti. Ngati rauta yanu ndi MikroTik, chimodzimodzi Winbox, pulogalamu yolowera mu rautayo, pa port 8291: mu 2018 munapezeka bowo mu RouterOS lomwe linkalola munthu wakunja kuba mapasiwedi kudzera pa port imeneyi, ndipo marauta omwe sanalandire update akadali pangozi mpaka lero.

Tsopano za 2 koloko yanuyo. Vuto lobwera pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse nthawi zambiri limakhala la upload. Kompyuta ina ikutumiza backup ku OneDrive kapena Google Drive, mafoni a pa Wi-Fi akutumiza zithunzi, kapena wina akuonera makamera ali kunja. Upload ikadzaza, timapaketi tovomereza kuti zinthu zafika timaima pamzere womwewo, ndipo download nayo imagwa ngakhale mpata ulipo. Kuti mumudziwe wolakwa, pa MikroTik tsegulani Torch pa port ya WAN, yopita ku kampani ya intaneti, nthawi yomwe vuto likuchitika, muone IP yomwe ili pamwamba. Mukafuna mbiri ya masiku angapo, yatsani Traffic Flow, yomwe ndi NetFlow ya Cisco m'dzina lina, muitumize ku laputopu pa UDP 2055, n'kuiwerenga ndi nfdump. Mankhwala ake safuna rauta yatsopano ngati yanuyo ili ndi ma queue, njira yolamulira mzere wa mapaketi. Ikani malire pa 90 kapena 95 pa 100 ya liwiro lenileni la laini, mbali zonse ziwiri, kuti mzere uzikhala mu rauta yanu momwe mungaulamulire. Pa RouterOS 7 sankhani fq_codel kapena CAKE. Ngati rauta yanu ilibe zimenezi, hEX ya MikroTik ili cha m'ma madola 70 mpaka 90 ndipo pa ofesi ngati yanuyo imakwanira, koma siikwanira ngati laini yanu ili ya ma Mbps mazana angapo.

Ngati SmokePing yaloza m'nyumba, onani zolakwika za CRC (mapaketi ofika ataonongeka) pa port iliyonse mu LibreNMS. Nambala yomwe ikungokwera ndi kebulo yoipa kapena mutu wofinyidwa molakwika. Port ya gigabit yomwe yalumikizana pa 100 Mbps nthawi zambiri ndi waya umodzi mwa 8 womwe waduka. Kebulo ya mkuwa isapitirire mamita 100. Ndipo chonde pewani kebulo yolembedwa CCA. Ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, bokosi la mamita 305 limatchipa mwina theka kapena kuposapo poyerekeza ndi la mkuwa weniweni, koma imathyoka mkati ndipo pa makamera a PoE imatentha n'kutaya mphamvu. Palani waya ndi mpeni, mkati mukayera ndi imeneyo. Netiweki yonse ikafa mwadzidzidzi nyali za pa swichi zikuphethira zonse pamodzi, wina walumikiza ma port awiri ndi kebulo imodzi. Yatsani RSTP lero lomwe. Winanso ndi uja wobwera ndi karauta kake ka kunyumba n'kukalumikiza pa khoma, kenako kayamba kugawa ma IP ake. DHCP snooping pa swichi imathetsa zimenezo.

Zing'onozing'ono ziwiri. Zipangizo zonse zitenge nthawi pa NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa netiweki, chifukwa marauta ambiri aang'ono amaiwala tsiku akazima, ndipo ma log a tsiku lolakwika sangakuthandizeni. Pa ma alert, LibreNMS imatumiza ku Telegram, koma uthengawo umadutsa pa intaneti yomweyo yomwe yafa, ndiye onetsetsani kuti laputopu imatha kutulukira pa LTE. Muiuzenso kuti makamera ndi ma access point ali pansi pa swichi yaikulu, apo ayi swichi ikazima mudzalandira mauthenga 40 nthawi imodzi, ndipo pakatha sabata mudzasiya kuwawerenga.

Wireshark ndi port mirroring muzisunge pomaliza, mukadziwa kale kompyuta yomwe ikuvuta, ndipo mujambule mphindi zochepa chabe. NetFlow imangoonetsa kuti ndani akulankhula ndi ndani, koma Wireshark imagwira zamkati mwa mapaketi. Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo POTRAZ, bungwe la boma loona za matelefoni, ndi yomwe imayang'anira za chinsinsi cha anthu. Pezani chilolezo cholembedwa kwa abwana, ndipo ogwira ntchito auzidwe kuti netiweki ikuyang'aniridwa.

Chomaliza simunafunse, koma mwatchula makamera a pageti. Ngati kebulo ya mkuwa ikuchoka m'nyumba kupita pageti kapena ku nyumba ina, ichotseni mvula ya Novembala isanayambe. Mphezi siichita kufuna kugunda nyumbayo, ikangogwa pafupi mphamvu yake imalowa mu waya n'kuotcha ma port mbali zonse ziwiri, nthawi zina swichi yonse. Ikani fibre ndi ma media converter awiri (timabokosi tolumikiza fibre ndi kebulo ya mkuwa), cha m'ma madola 25 mpaka 40 iliyonse, kabokosi ka pageti kakhale ndi magetsi akeake. SmokePing ikayenda masiku 7, tumizani ma graph atatu aja muno, mutabisa ma IP anu akunja, tiwerengere limodzi.