Za mwana wokumbatira mlendo aliyense

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake mwana amene munamutenga ku nyumba ya ana amasiye amakumbatira mlendo aliyense koma inu sakulabadirani. Si mwano ayi. Kumalo kuja olera amasinthana mashifiti, ndiye khanda likalira usiku lero alinyamula uyu, mawa wina, pena palibe olo mmodzi, mapeto ake silidziwa kuti wanga weniweni ndi ndani.

Ku Bucharest, Romania, ochita kafukufuku anatsatira ana 136 a m'nyumba zoterezi, ndipo omwe anapita m'mabanja asanakwanitse zaka 2 nzeru zawo zinakula bwino kuposa anzawo otsala, anayambanso kudalira owalera. Ndiye chonde musafooke, muzimusambitsa nokha, kumudyetsa nokha, kumulankhula olo asakuyankheni. Zimatenga miyezi ndithu, muzingoyang'ana akagwa akuthamangira kwa ndani.