Yankho kwa mayi wa ku Rosettenville: moyo wa mwana ku hositelo ya sukulu ya anyamata

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Rosettenville, ndipo anavomera kuti ndiwayankhe pano popanda kutchula dzina lawo, popeza funso lawo likusautsa makolo ambiri achimalawi muno mu Johannesburg. Iwo analemba kuti: "Mwana wanga wa zaka 13 wapeza malo a Giredi 8 pa sukulu ya anyamata okhaokha, ndipo abwana anga alonjeza kumulipirira ku hositelo. Bambo ake akukana, akuti kumeneko ana aang'ono amazunzidwa ndi anzawo akuluakulu monga zinkachitikira kumudzi. Kodi mwanayu azikhala bwanji tsiku ndi tsiku, nanga ndimulole apite?"

Mayi, nkhawa ya bambo a mwanayo si yongopeka ayi. Inenso ndinaphunzira sukulu yogonera komweko ku Malawi, ndipo teremu yanga yoyamba ya Fomu 1 ndinaithera pochapa malaya a mnyamata wina wa Fomu 4, kumutungira madzi osamba mbandakucha, ndiponso kumupatsa chiponde chimene mayi anga anandisinjira, osanena kwa wina aliyense chifukwa woulula ankasalidwa. Munthu amene anadutsa m'zimenezo akamva mawu akuti hositelo, chimene chimabwera m'mutu ndi nyemba zofumbwa, chikwakwa chotchetchera udzu ndi mapazi a anyamata akuluakulu usiku magetsi atazimitsidwa. Chonde musawaone bambowo ngati munthu wotsekereza mwayi wa mwana.

Sukulu za anyamata za mumzinda uno ndi zakale kwambiri, ndipo miyambo yake inakhazikika zedi. Jeppe High School for Boys ya ku Kensington inayamba mu 1890, St John's College ya mpingo wa Anglican ku Houghton inayamba mu 1898, ndipo King Edward VII School, imene aliyense amangoitcha KES, inayamba mu 1902. Jeppe ndi KES ndi za boma ngakhale zili ndi mabwalo ndi nyumba zooneka ngati za anthu olemera, koma dziwani kuti ndalama za ku hositelo zimalipiridwa padera, osati pamodzi ndi fizi, choncho mumvane bwino ndi abwana anu kuti lonjezo lawo likukhudza ziti ndiponso kwa zaka zingati, chifukwa kuchoka Giredi 8, kalasi yoyamba ya sekondale kuno, kufika matiriki, imene ndi Giredi 12, ndi zaka zisanu zathunthu.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku ndikuuzani zimene ndinaziona kwa mwana wa mchemwali wanga, amene ndinkamuyang'anira pamene ankagonera pa imodzi mwa sukulu za anyamata za kuno. Belu loyamba linkalira cha m'ma 6 koloko m'mawa. Mwana aliyense ankayala bedi lake, kusamba, kuvala yunifolomu ndi tayi, kenaka kuima pafupi ndi bedi kuti mkulu wa chipinda aone ngati nsapato zapolishidwa ndiponso ngati loka ili yolongosoka. Akadya chakudya cha m'mawa ankalowa m'kalasi mpaka cha m'ma 2 koloko masana, kenaka masewera, chakudya chamadzulo, ndi nthawi yowerenga mwakachetechete pamaso pa mphunzitsi. Ana a Giredi 8 ankapereka mafoni awo asanagone, ndipo magetsi ankazimitsidwa cha m'ma 9 koloko. Maola amasiyana pang'ono sukulu ndi sukulu, koma mfundo yake ndi imodzi, yakuti mwana sakhala ndi mpata woyenda m'misewu kapena kugonera pa foni, ndipo kwa kholo limene limachoka pakhomo kusanache n'kubwerera kutada, chimenechi ndi chinthu chamtengo wapatali. Chakudya chinali chokwanira, buledi, mazira, mpunga, nyama ndi pap, ngakhale mnyamatayo ankadandaula kuti pap ya kumeneko siifika pa nsima ya mayi ake.

Chimene chimadabwitsa ife ochokera ku Malawi ndi kukula kwa masewera. Kwathu mpira unali wa amene akufuna, koma pa sukulu izi mwana aliyense amayembekezeredwa kuchita kanthu masana. M'nyengo yotentha kuli cricket, kusambira, water polo ndi kupalasa mabwato, ndipo m'nyengo yozizira kuli rugby ndi hockey. Ku KES n'kumene kunaphunzira Gary Player wa gofu, Bryan Habana wa rugby, komanso Graeme Smith ndi Quinton de Kock a cricket, ndipo Jake White, amene anali kochi wa Springboks, timu ya rugby ya South Africa, pamene inatenga chikho cha dziko lonse mu 2007, anaphunzira ku Jeppe. Loweruka limene sukulu ziwirizi zikumana, anyamata onse amakhala m'mbali mwa bwalo atavala majekete a sukulu, akuimba ndi kufuula mogwirizana mpaka mawu kusasa. Mwana amene sakonda kugundana asataye mtima, chifukwa kuli kwaya, zisudzo, mtsutso, chess, ndiponso magulu oimba zitoliro za ku Scotland ndi ng'oma, amene Jeppe ndi KES amadziwika nawo. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti mwana amene salowa gulu lililonse ndi amene amasungulumwa, ndipo wosungulumwa ndi amene ozunza amayamba kumuona.

Tsopano ndifike pa zimene zikuwaopsa bambo ake. Lamulo la dziko lino, South African Schools Act la 1996, limaletsa kukwapula ana pa gawo 10, ndipo gawo 10A limaletsa miyambo yolandira ana atsopano mowazunza kapena mowanyazitsa. Lamulo lilipo, koma lamulo siligona m'chipinda cha ana. Pa sukulu zambiri mwana wa Giredi 8 amapatsidwa mnyamata wa matiriki woti azimutsogolera, ndipo dongosolo limeneli likhoza kukhala dalitso kapena goli malinga ndi munthu wamkulu amene akuliyang'anira. Wa mchemwali wanga anapeza mnyamata wabwino amene anamuphunzitsa kumanga tayi ndi kumuthandiza chinenero cha Afrikaans, chimene chinkamuvuta chifukwa anayambira sukulu ku Blantyre. Komabe pa teremu yachiwiri ndinaona kuti Lamlungu lililonse madzulo, ikakwana nthawi yobwerera, ankayamba kudandaula m'mimba. Tsiku lina ndinaimitsa galimoto tisanafike pa geti, n'kumuuza kuti sitisuntha mpaka andiuze chimene chikumudya. Anakhala chete kanthawi akupotokola lamba wa chikwama, kenaka anati, "Amalume, amanditchula kwerekwere, ndipo masokosi anga onse anatenga." Kwerekwere ndi mawu onyozera anthu ochokera kumayiko ena. Ndinalowa naye kwa mphunzitsi woyang'anira nyumbayo usiku womwewo. Bamboyo anali munthu wodziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, moti anaitana anyamatawo mmodzimmodzi, anamusamutsa mwanayo chipinda, ndipo patatha sabata ziwiri anandiimbira foni yekha kundiuza mmene zinthu zikuyendera. Akanakhala munthu wongoti anyamata ndi choncho, ndikanamuchotsa mwanayo teremu yomweyo.

N'chifukwa chake ndikunena kuti musanavomere, pitani mukaonane ndi woyang'anira nyumba yogonayo maso ndi maso, osangokhutira ndi kukongola kwa mabwalo. Mufunseni kuti ndi achikulire angati amene amagona m'nyumbamo usiku, ngati ana a Giredi 8 amagona paokha kapena mosakanikirana ndi akuluakulu, kumene mwana angapite akadwala pakati pa usiku, ndiponso njira imene angadandaulire popanda anzake kudziwa. Mufunsenso za ulendo wa kutchire umene sukulu zambiri zimatengera ana atsopano chaka chikangoyamba. Mu Januwale 2020 mnyamata wa zaka 13 wa Giredi 8 pa Parktown Boys' High School anamira mumtsinje wa Crocodile kufupi ndi Brits pa ulendo wotere, ndipo panadutsa maola ambiri akuluakulu asanazindikire kuti mwana mmodzi akusowa. Kufunsa ngati kuli majekete oyandamitsa ndiponso amene amawerenga ana akatuluka m'madzi si mwano, ndi udindo wanu, ndipo musachite manyazi chifukwa chakuti ndinu mlendo m'dziko lino kapena chifukwa chakuti ndalama akulipira ndi abwana anu.

Yankho langa ndi lakuti mumulole apite, makamaka ngati sukuluyo imalola ana kubwerera kunyumba kumapeto kwa sabata, monga zimachitikira pa sukulu zambiri za muno. Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu ndi kwathu, kumene tinkakhala miyezi itatu osaona nkhope ya kholo. Mwana amene amabwera Lachisanu kapena Loweruka masewera akatha, kudya nsima ya therere, kuyankhula Chichewa ndi kupita nanu kutchalitchi Lamlungu, sangabise chilonda nthawi yaitali. Mumuphunzitsenso nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto, imene ndi 116 ndipo ndi yaulere.

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale, choncho muyambiretu kukonza mapepala ake okhalira ndi kuphunzira m'dziko lino, chifukwa amachedwa kutuluka. Chovala chilichonse muchilembe dzina, ngakhale sokosi ndi thawulo, pakuti zonse zimachapidwa pamodzi, ndipo mumugulire loko wolimba wa pa loka. Musaiwale bulangete lochindikala, chifukwa mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julaye chimayeretsa udzu m'mawa kuposa cha ku Dedza. Tsiku lokaona hositeloyo mupite ndi bambo ake, muwasiye alowe okha m'chipinda chimene mwana wawo azigona, ndipo mafunso onse aja awafunse ndi pakamwa pawo.