Mwana akufuna kupeka nyimbo za m'mafilimu, timulole?

Amai ena a ku Chawama andilembera kuti mnyamata wawo wamaliza giredi 12, usiku wonse ali pa laputopu mahedifoni m'makutu, akuti chiwerengereni momwe anthu anayamikira nyimbo za mu filimu ya Black Panther sakufunanso kumva za kosi ya akawunti. Akufunsa ngati pali ntchito pamenepa kapena ndi chibwana.

Amai, laputopuyo musamulande kaye. Ntchito ilipo, koma mwana wanu adziwe chomwe anayamikira anthu aja. Ludwig Göransson, yemwe analandira mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar mu 2019 chifukwa cha nyimbozo, ndi wa ku Sweden koma sanangokhala mu situdiyo ayi, anapita ku Senegal nkumayenda ndi woimba wa komweko Baaba Maal, kujambula ng'oma ya tama, ndipo ng'omayo imalira mfumu ya m'filimuyo ikaonekera moti ngakhale mutatsinzina mumadziwa kuti yafika. Luso lake ndi limenelo, nyimbo kuyenda limodzi ndi chithunzi, kudziwa polowa komanso potonthola. Ana athu ambiri mabiti a pa FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo, amawatha bwino, koma kukhala chete masekondi khumi kumawavuta zedi.

Ndiye muyeseni motere. Atenge kachigawo ka sewero ka mphindi ziwiri, mwina mai akudikira basi yomwe siikubwera, azimitse mawu onse, apeke zake. Kenako aonetse inu ndi aneba osawafotokozera kanthu. Mukamva chisoni pomwe iye amafuna, mwanayo ali ndi khutu. Mukayamba kuvina, abwerezenso.

Sukulu ndiyofunika ndithu. Göransson yemweyo anaphunzira nyimbo ku Stockholm kenako ku University of Southern California ku Los Angeles. Kuno ku Lusaka akafunse ku Evelyn Hone College za maphunziro a nyimbo, aphunzire kuwerenga manoti ndi piyano, silimba ndi kalimba asazinyoze chifukwa ndi zomwe wa ku Los Angeles alibe. Azizolowerananso ndi achinyamata ophunzira za mafilimu, tifilimu tawo toyamba timasowa woika nyimbo.

Pa ndalama sindikunamizani, poyamba zimabwera mwa apo ndi apo, ambiri amadyera kuphunzitsa, kuimba ku tchalitchi ndi kupanga tinyimbo ta malonda a pa wailesi. Akangoyamba kugulitsa akalembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo kuno ku Zambia, ndipo asapereke nyimbo popanda pepala losainirana, olo wofunayo akhale msuweni wake.